Nkhwangwa Ikhulupirira Mpini: Mbiri ya Mphunzitsi, Mwana ndi Pakhomo

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka m'mudzi simusowa phokoso. Khomo lina kumamveka nthungululu, khomo loyandikana nalo kuli zii ngati kwagwa zovuta. Tsiku lina mdzukulu wanga wamkazi, amene tsopano ali Fomu 2, anandipeza pakhonde n'kundifunsa kuti: "Agogo, ana awiri akhala pa benchi imodzi zaka 8, mphunzitsi wawo mmodzi, buku limodzi. Chimachitika n'chiyani kuti wina asankhidwe, wina atsale?" Ndinamuyankha monga timachitira akuluakulu tikafuna kuzemba funso, kuti paja nkhwangwa ikhulupirira mpini. Iye sanakhutire, ndipo ndikumumvetsa. Tsono lero ndati ndiyankhe bwinobwino, ndipo yankho ndilitenga m'mbiri ya sukulu za dziko lino, imene gawo lake lina ndinaliona ndi maso angawa.

Poyamba timve mwambiwo. Amene munaonapo nkhwangwa yachikuda ikukonzedwa mukudziwa kuti chitsulo ndi mpini sizimangokumana. Mmisiri amafuna mtengo wokhala ndi mfundo yolimba, amausema, kenaka amaika msuka wa chitsulo pamoto mpaka ufiire n'kuboolera nawo pamfundopo, pang'onopang'ono, kufikira ziwirizo zitagwirana. Chitsulo chingathwe chotani, chopanda mpini sichigwetsa mtengo. Mwana wanzeru ndiye chitsulo. Mpini ndi anthu amene amugwira, a kwawo ndi aphunzitsi ake. Moto uja ndi khumbo la kuphunzira, ndipo zaka zanga zonse za m'kalasi sindinaonepo mwana amene anadziyatsira yekha motowo popanda wina womupalira khala.

Sukulu isanabwere ana athu sankakula ngati udzu. Kunali mphala ndi gowelo kumene anyamata ankaphunzira kusema, kuluka ndi kukhala ndi anzawo. Kunali kuka kwa agogo aakazi, kunali nthano ndi zirapi madzulo, kunalinso chinamwali ndi anamkungwi ake. Chimene ndifuna muchione pamenepa n'chakuti mphunzitsi wa masiku amenewo ankadziwika ndi banja lonse. Phungu wa namwali ankasankhidwa ndi eni mwana, ndipo mwanayo akapulukira manyazi ankagwira onse, paja tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Pakati pa wophunzitsa ndi wobala panalibe mpanda.

Sukulu ya bolodi ndi choko inafika ndi amishoni. A Livingstonia anakocheza ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, a Blantyre anakhazikika mu 1876, a UMCA anamanga pa Likoma mu 1885, a Dutch Reformed anayamba pa Mvera mu 1889 n'kudzafika pa Nkhoma mu 1896, ndipo Akatolika anatsegula Nzama mu 1901 ndi Mua mu 1902. John Chilembwe naye anayamba sukulu zake pa Mbombwe ku Chiradzulu atabwerako ku America mu 1900. Ambiri amaganiza kuti aphunzitsi oyamba onse anali azungu. Iyayi. Mu 1876 kunabwera anyamata anayi achikuda ochokera ku Lovedale ku South Africa, ndipo mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, ankaphunzitsa ana pa Cape Maclear mpaka imfa inamupeza mu 1877. Mnzake William Koyi, amene chiyankhulo chake chinkamveka kwa Angoni, ndiye anatsegula njira ya kwa M'mbelwa, namwalira komweko mu 1886. Ena mwa ana oyamba pa Cape Maclear anali othawa ukapolo, ena anali ana a mafumu a Amakololo a kumunsi kwa Shire, amene makolo awo anawatumiza mwadala ulendo wautali chotero kuti akaone nzeru za alendowo. Kuyambira tsiku loyamba, kulowa kwa mwana m'kalasi kunali chigamulo cha pakhomo.

Apa mpamene mbiri imatiphunzitsa chinthu chimene anthu ambiri amachikhotetsa. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe mu 1881, Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri, ndipo Dr Robert Laws atatsegula Overtoun Institution pa Khondowe mu 1894 ana a kumpoto anapeza maphunziro apamwamba kuposa kwina kulikonse m'dziko muno. Kumeneko kunatuluka anthu monga Levi Mumba, Charles Domingo, Yesaya Zerenji Mwasi ndi Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Kholo la ku Bandawe linkaona ndi maso kuti mwana wodziwa Chingerezi ndi masamu akulembedwa ukalaliki kapena ukapitawo, akubwera ndi nsalu ndi ndalama ya msonkho. Mwana wamng'ono ankaona mkulu wake atavala nsapato, khumbo n'kumuyaka. Kuno pakati zinthu zinayenda mwina. A Nkhoma anaika mtima pa sukulu za m'midzi, pa kuwerenga Chinyanja, pa Baibulo, ulimi ndi ntchito za manja, koma Chingerezi sanachifulumirire. Anatisiyira chuma chosasimbika, monga Buku Lopatulika la 1922 ndi alembi onga mphunzitsi Samuel Josiah Nthara, amene buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano. Komabe njira yopita ku ntchito za m'maofesi inali yopapatiza kwa mwana wa ku Dowa kusiyana ndi wa ku Nkhata Bay.

Kuwonjezera apo, m'madera ena a Dedza ndi Lilongwe munabuka kusamvana kwakukulu pakati pa amishoni ndi eni dambwe, makamaka m'zaka za m'ma 1920. Mphunzitsi ankanena kuti wolowa gule asaponde m'kalasi, akuluakulu a mudzi ankati sukulu ikuba ana. Kwa Ayao ambiri a Chisilamu mantha anali akuti mwana akapita ku sukulu ya mishoni abwerako atasintha dzina ndi chipembedzo, kotero anasankha madarasa. Makolo amenewa sanali opusa. Ankateteza zimene ankazikonda. Koma mwana amene pakhomo pake ndi m'kalasi mwake mukukokanakokana amakhala ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri. Tsono mukamva wina akunena kuti mtundu wakutiwakuti ndi wanzeru, wina ndi wogona, mumuuze kuti nzeru sizinagawidwe potsata zigawo. Chinasiyana ndi mpini umene chitsulo chinapeza.

Boma la atsamunda linachedwa kulowerera. Kwa zaka zingapo linkangopereka mapaundi 1,000 pachaka kuti mishoni zonse zigawane. Nthumwi za Phelps-Stokes zitayendera dziko lino mu 1924, boma linakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 pa Domasi panayamba sukulu ya Jeanes. Sukulu imeneyi ndimaikumbukira ndi mitima iwiri. Mbali ina, inali nzeru yabwino zedi: mphunzitsi ankapita ku maphunziro pamodzi ndi mkazi wake ndi ana, mwamuna akuphunzira kayendetsedwe ka sukulu za m'midzi, mayi akuphunzira zaukhondo, kusoka ndi kalelelo ka ana, kuti akabwerera kumudzi nyumba yawo ikhale phunziro loyamba. Pambuyo pake mafumu nawo ankaitanidwa ku maphunzirowo. Eni ake anazindikira kuti mwana sungamuphunzitse utasiya khomo lake kumbuyo. Koma mbali inayi, maganizo omwewo ankati munthu wakuda amukwanira maphunziro a khasu ndi nsompho. N'chifukwa chake sekondale yoyamba, ya Blantyre, inadikira mpaka 1940, ya Zomba Catholic 1942, ndipo ya boma ya Dedza 1951. Kwa zaka 65 mwana wanzeru wa dziko lino akamaliza pulayimale ankapeza khoma, pokhapokha alowe uphunzitsi kapena ubusa, kapena awoloke malire.

Owoloka malirewo tiyeni tiwaone, pakuti nkhani zawo zimakambidwa ngati za anthu amene anadzipanga okha. Hastings Kamuzu Banda anachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata, nadutsa ku Southern Rhodesia ndi Johannesburg, nafika ku America mu 1925, nakhala dokotala pa Meharry mu 1937. Koma kumbuyo kwake kunali atsibweni ake, Hanock Msokera Phiri, mphunzitsi wophunzira ku Livingstonia, amene anamulozera njira ndipo anakhala naye limodzi kuchilendoko. Kunalinso mpingo wa AME umene unamulipirira poyamba. Legson Kayira wa ku Nthalire m'boma la Chitipa ananyamuka mu 1958 wapansi, atanyamula kankhwangwa, bulangete ndi mabuku awiri, nati akupita ku America. Anadutsa Kampala, nafika Khartoum, ndipo kumapeto kwa 1960 analowa pa Skagit Valley College m'chigawo cha Washington, n'kudzamalizira ku Cambridge. Dzina la buku la moyo wake, I Will Try, la 1965, sanalipeke yekha: ndi mawu a pa chizindikiro cha sukulu ya Livingstonia kumene anaphunzira. Aphunzitsi ake ndiwo anamupalira khala, ndipo mayi ake, amene sankadziwa kulemba kapena kumene America ali, sanamutsekere njira.

Pa nkhani ya atsibweni ndiimepo pang'ono, chifukwa ana a lero sadziwa kulemera kwake. Kwathu kwa Achewa, monganso kwa Ayao ndi Alomwe, mwana ndi wa kuchikazi. Bambo anali mkamwini, mwini mbumba anali atsibweni. Tsono fizi itabwera panabuka funso limene makolo akale sanalidziwe: alipire ndani? M'mabanja ena bambo ankati, "Ndiphunzitsirenji mwana amene phindu lake akadya ndi atsibweni ake?" ndipo atsibweniwo ankati, "Wobala alipo." Mwana n'kutsala pakati, wopanda tiki ya sukulu. Koma m'mabanja ena mwambo womwewo unapulumutsa ana, pakuti mwana anali ndi makomo awiri ogogoda. Bambo akalephera, atsibweni ankagulitsa mbuzi. Ine ndemwe ndine wa gulu lachiwirili. Bambo anga anapita ku Wenela ndili wamng'ono, ndipo ndalama zawo zinkafika mwa apo ndi apo. Abambo ochuluka a m'badwo umenewo ankaphunzitsa ana ndi thukuta la m'migodi ya ku Joni kapena m'minda ya ku Southern Rhodesia, ena n'kutchona osabweranso, mpaka pamene ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa zolemba anthu a Wenela. Pakhomo popanda bambo, amene ankadzutsa mwana m'mamawa, kumuwotchera mbatata ndi kumuuza kuti ng'ombe zisiye upite ku sukulu, anali mayi.

Ndinayamba Sub A chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Kalasi yathu inali tchalitchi chofolera ndi udzu, mipando inali mitanda ya mitengo, belu linali chitsulo chopachika pa mtengo wa mango. Tinkayamba kulemba pansi ndi chala, kenaka pa sileti, ndipo kope ndi inki zinali za akuluakulu a Sitandade 3. Mphunzitsi wathu maphunziro ake anali ochepa kuyerekeza ndi a mdzukulu wanga wa Fomu 2 uja. Koma ankakhala m'mudzi momwemo, ankalima dimba moyandikana ndi la mayi anga, ankalembera anthu makalata opita ku Joni ndi kuwawerengera mayankho, Lamulungu ankatsogolera mapemphero. Ukajomba Lolemba, Lachiwiri madzulo njinga yake yatsamira pa nkhokwe yakwanu. Sankayamba ndi kukalipa. Ankakhala pamphasa, kulonjerana ndi akuluakulu, kufunsa za mvula, kenaka n'kunena kuti, "Mayi, mwana uyu mutu ali nawo, musamutaye." Mawu amenewo ananenedwa ine ndikumva kuseri kwa nkhokwe, ndili ndi zaka 9, ndipo ndinganene mosakayika kuti ndiwo anandifikitsa ku koleji ya aphunzitsi.

Ndisakunamizeni kuti kale zonse zinali zokoma. Chikwapu chinalipo, ndipo aphunzitsi ena ankachigwiritsa ntchito ngati kuti ndicho phunziro lenilenilo. Ndikudziwa anzanga anzeru kuposa ine amene anathawa sukulu chifukwa cha ndodo, ndipo ine ndemwe m'zaka zanga zoyamba za ntchito ndinamenyapo ana amene vuto lawo linali njala kapena maso osaona bwino pa bolodi. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Atsikana ambiri ankalekezera Sitandade 2 kapena 3, akatha msinkhu basi. Ndipo ana ochuluka a m'mudzi sanapondeko n'komwe m'kalasi. Mphunzitsi ankatha kuyendera khomo lililonse chifukwa ana ake anali ochepa, ndipo anali ochepa chifukwa osauka anali atatsala kunja.

Ufulu utabwera mu 1964, sukulu zinachuluka, Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965, ndipo mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko. Mphunzitsi wa nthawi ya Kamuzu ankaopedwa ndi kulemekezedwa. Woyendera sukulu ankatha kutulukira osalengeza n'kufunsa masikimu, kaundula ndi makope a ana. Mwambo unalipo, ngakhale mantha analinso ambiri. Malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri, moti ana ankabwereza Sitandade 8 kawiri, katatu, ena mpaka kusintha mayina, kudikira kuti mwina chaka chino dzina lituluka. Apa mpamene ndinaona mphamvu ya pakhomo poyera: mwana wobwereza kachitatu amafunika kholo lopirira kumulipirira kachitatu. Zinthu ziwiri za nthawi imeneyo zinatiwawa aphunzitsi ambiri. Kamuzu Academy itatsegulidwa pa Mtunthama mu 1981, ndi Chilatini ndi Chigiriki chake, aphunzitsi ake anatengedwa kunja, pamene ana osankhidwira kumeneko anali ataumbidwa ndi Amalawi m'makalasi a pansi pa mitengo. Ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera ku chigawo chawo. Sukulu zambiri za pakati ndi kummwera zinataya aphunzitsi a masamu ndi sayansi mwadzidzidzi, mabanja anasokonezeka, ndipo amene analipira mtengo wake anali ana.

Kunja nakonso anthu ophunzira akhala akulimbana ndi funso la mdzukulu wanga. Ku America, lipoti la James Coleman la 1966 linapeza kuti kusiyana kwa ana pa mayeso kumatsata kwambiri makomo kumene achokera kuposa zipangizo za sukulu. Koma mu 1983 Stephen Heyneman ndi William Loxley, atayerekeza mayiko 29, anapeza kuti m'mayiko osauka sukulu ndi mphunzitsi zimalemera kwambiri kuposa m'mayiko olemera. Ine sindidabwa nazo. Mwana wa ku London mphunzitsi akagona, kunyumba kuli mabuku. Mwana wa ku Kasiya kapena ku Nsanje mphunzitsi akagona, buku lina aliona kuti?

Tsopano ndifike pa chaka chimene aliyense wa ife amene tinali ndi makiyi a ofesi sadzachiiwala. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Ana olembedwa m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Pa sukulu imene ndinali mphunzitsi wamkulu, m'mawa wa tsiku lotsegulira bwalo linadzaza mpaka kumsewu. Panali tiana ta zaka 5, anyamata a ndevu zomera ofuna Sitandade 1, atsikana obereka azing'ono awo kumsana. Mayi wina wachikulire anabwera ndi adzukulu anayi, nandigwira dzanja osanena kanthu. Ndinalowa mu ofesi n'kupukuta misozi, chifukwa ambiri mwa ana amenewo ndinali nditawabweza ndekha zaka zam'mbuyo chifukwa cha makwacha ochepa. Aliyense wonena kuti maphunziro aulere anali kulakwitsa sanaime pabwalo tsiku limenelo.

Koma walira mvula walira matope. Boma linalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 22,000, ndipo ambiri mwa iwo anali asanapondeko ku koleji. Anaphunzitsidwa masabata owerengeka n'kupatsidwa choko. Ndondomeko ya MIITEP yowaphunzitsa ali pantchito inayamba mu 1997. Ena mwa achinyamata amenewa anadzakhala aphunzitsi abwino kwambiri, ndipo sindilola kuti anyozedwe. Koma taganizani mtsikana wa zaka 20, wongomaliza Fomu 2 kapena Fomu 4, ataimikidwa pansi pa mtengo patsogolo pa ana oposa 100 opanda buku. Mayina awo angawadziwe bwanji, nanji makomo awo? Makope angachonge angati usiku umodzi pa koloboyi? Nyumba za aphunzitsi sizinakwane, ambiri ankachita lendi kutali, ndipo njinga ija yotsamira pa nkhokwe inasowa m'midzi. Makolo ena nawo anamva mawu akuti "ulere" ngati akuti sukulu tsopano ndi ya boma, osati yawo. Kuumba njerwa kunayamba kuvuta, ku misonkhano kunkabwera anthu owerengeka. Pamwamba pa zonsezi Edzi inali ikutenga aphunzitsi ndi makolo omwe. Panali zaka zimene sabata inkavuta kutha osatseka kalasi kupita ku maliro, ndipo kaundula anadzaza ndi ana olera agogo kapena odzilera okha, kufikira mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Pamene bungwe la SACMEQ linayesa ana a Sitandade 6 a mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa mu 2000 ndi mu 2007, ana athu anali kumapeto pa kuwerenga. Chitsulo chinali chomwecho, ana a Malawi sanasinthe mitu. Mpini ndiwo unali utang'aluka mbali zonse ziwiri.

M'zaka zomwezo zovutazo munatuluka William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 inamuchotsa ku sekondale chifukwa makolo analibe fizi. Anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, napeza buku la Using Energy, namanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zidutswa za kudzala, ali ndi zaka 14. Dziko linamumva ku Arusha mu 2007, ndipo anamaliza pa Dartmouth College mu 2014. Anthu amakonda kunena kuti anachita yekha. Koma panali woyang'anira laibulale amene ankamutsegulira chitseko, panali anzake omuthandiza kusaka zipangizo, ndipo panali bambo amene, anthu akumutcha mwana wawo wamisala, analola kuti njinga yawo iphwasulidwe. Ndipo pa Kamkwamba mmodzi amene tinamumva, njala ija inameza ana angati ofanana naye amene sanapeze chitseko chotsegula?

Zimene zayesedwa kuchokera nthawi imeneyo, zikathandiza, zimathandiza chifukwa zafika pakhomo. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera m'kalasi, pamene kale ife tinkangomufufuta m'kaundula. Phala la kusukulu, limene bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka m'dziko muno mu 2002, ladzutsa ana ambiri amene ankagona pa desiki. Ku Zomba mu 2008 ndi 2009 akatswiri anayesa kupatsa atsikana ndi makolo awo kandalama mwezi ndi mwezi, ndipo osiya sukulu anachepa. Lamulo la 2013 linati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo ku sukulu, pogwiritsa ntchito mphamvu ya ufumu, imene kale ena ankaiona ngati mdani wa sukulu. Magulu a amayi oyang'anira atsikana m'sukulu zambiri akuchita ntchito imene mphunzitsi wanga ankachita pa njinga, ndipo m'njira zina akuichita bwino kuposa iye, pakuti pali nkhani za mtsikana zimene mwamuna sangazifunse.

Mdzukulu wanga, ana awiri a pa benchi imodzi aja ndinali nawo ambiri, koma awiri sachoka m'maso mwanga. Anali atsikana, onse analowa Sitandade 1 m'chigulu chija cha 1994, onse akuthwa mofanana, moti pa mayeso a teremu ankangosinthana nambala wani ndi thuu. Ali Sitandade 7, onse anayamba kujomba nyengo ya fodya. Ndinatuma mphunzitsi wawo, mmodzi wa achinyamata osapita ku koleji aja, kuti akaone makomo onse awiri. Kwa woyamba anapeza agogo aakazi okhaokha, osadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Gogoyo atamva kuti mwana mutu ali nawo anangoti, "Aphunzitsi, ine sindiona zolembazo, koma muzindiuza." Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ankabwera pa sukulu ndi ndodo yake, kukhala pakhonde la ofesi, kuti mphunzitsi amuwerengere zimene zalembedwa ndi inki yofiira m'makope a mdzukulu wake. Usiku ankayatsa koloboyi n'kukhala pambali pa mwanayo akuwerenga, iye akusenda mtedza, kuti asagone.

Kwa wachiwiri kunali bambo ndi mayi, ndi chigafa chodzaza fodya. Anamulandira bwino mphunzitsiyo, anamupatsa nkhuku, nalonjeza kuti mwana abwera Lolemba. Anabweradi, masabata awiri. Atasowanso, ine ndinali wotanganidwa ndi denga la kalasi limene mphepo inasasula, ndipo ndinati ndipitako ndekha mwezi ukatha. Mwezi utatha ndinamva kuti ankhoswe akumana kale.

Woyamba uja ndi namwino, ndipo chaka chatha ndi iye amene anandiyeza kuthamanga kwa magazi, akunditchabe "aHedi". Wachiwiri ndimakumana naye pa msika, amagulitsa tomato. Masamu a chenji amawerengera pamtima msanga kuposa anyamata a makakyuleta, ndipo tikaonana amandifunsa za mitengo ya mabuku a Fomu 3, chifukwa mwana wake wamkazi ali ku sekondale yogonera komweko.